UMBONI: ZIMENE TINAPEZA M'MIMBA MWA MBUZI

Uthenga wa lero ndi wautali ndithu, koma chonde werengani mpaka kumapeto, chifukwa kumapetoko ndili ndi pempho kwa inu.

Chiikireni achinyamata athu zithunzi zija, ine ndili m'magambutsi, fosholo ili m'manja, pakati pa mulu wa zinyalala, mafunso sakutha ku inbox. Ena mwafunsa mwachikondi. Ena mwafunsa monyogodola kuti kodi abusa guwa lawakanika, ayamba ganyu ya khonsolo? Mlongo wina anachita kulemba kuti kudzoza kwa Mulungu sikuyendera limodzi ndi fungo. Ine sindinakwiye ayi. Ndikungofuna mumve nkhani yonse, kenako muweruze nokha.

Mukudziwa kuti mpingo wathu uli m'tauni muno mu Lilongwe, koma tili ndi kanthambi kumudzi wina kunja kwa mzinda. Popita kumeneko mumasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wodutsa m'minda, kenako mumatsetserekera kudambo, n'kuwoloka pakamlatho. Msewu umenewu kwa mtunda wautali ndithu ulibe nyumba m'mbali mwake, ndipo kukada simudutsa munthu. Ndiye anthu ena anaona kuti apeza malo. Anthu a m'mudzimo ankati akadzuka m'mawa, ankangopeza mulu watsopano, matayala a galimoto atadinda pafumbi. Majumbo, mabotolo, matewera otaya aja timati mapampasi, magalasi osweka, zotsala za m'khitchini, nthenga za nkhuku, ngakhale majakisoni. Ana a sukulu ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ena opanda nsapato. Munthu wa panjinga ankatseka mphuno n'kupalasa mwamphamvu. Aliyense ankadandaula, koma msewu wa kutchire mwini wake ndani?

Chilimwe chathachi, nthawi ija dzuwa lafika poswa mtengo, ndinalandira foni kuchokera kwa mkulu wa mpingo wa kunthambiko. Anati, "Abusa, bwerani msanga mudzapemphere. Kuno kwavuta, akuti m'mudzi mwalowa mfiti."

Nkhani yake inali iyi. M'bale wathu wina, bambo wa ana anayi, anali ndi mbuzi zisanu. Inu a kumudzi mukudziwa kuti mbuzi ndiye banki. Fizi ya mwana ili momwemo, feteleza ali momwemo, matenda akagwa pakhomo mumathamangira mukhola. Mbuzi ziwiri zinali zitafa kale motsatizana. Zinkangowonda, mimba ili tuu, kudya osadya, mpaka kugwa. M'mawa wa tsiku limenelo yachitatu inafanso. Tsono m'baleyu anali atakanganapo za malire a munda ndi azakhali ake, agogo amasiye okhala okha m'kanyumba kaudzu. Pokangana paja agogowo akuti ananena kuti "uona". Basitu, mawu amodzi amenewo anthu anawasunga. Pamene ine ndi madikoni awiri timafika, anyamata anali ataunjikana kale pafupi ndi nyumba ya agogowo, ena miyala ili m'manja. Agogowo anali atadzitsekera m'nyumba.

Abale anga, inu mumandidziwa. Ndimakhulupirira kuti mphamvu za mdima ziliko, ndipo sindiopa kuzidzudzula m'dzina la Yesu. Koma Mzimu Woyera sayendera mphekesera, ndipo salozetsa chala munthu wosalakwa. Tamva kangati pawailesi kuti agogo aphedwa ndi adzukulu awo omwe chifukwa chowaganizira ufiti? Ngakhale lamulo la dziko lathu, lomwe linakhazikitsidwa kale mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ndinapemphera chamumtima, ndipo Ambuye anandikumbutsa mbuzi zimene ndinali nditangoziona panjira, mitu ili m'milu ya zinyalala ija.

Ndinapita kwa a mfumu, n'kukhala pansi monga mwa mwambo. Ndinati, "Zikomo a mfumu, kupemphera tipemphera, koma ndikupempha chinthu chimodzi. Mbuzi yafa leroyi itumbulidwe pano pabwalo, aliyense akuona." A mfumu anavomera. Anaitana bambo wina amene amapha mbuzi pamsika, n'kuitumbula. Atang'amba chifu, munatuluka chimpira cholimba, chakuda, chachikulu ngati dzungu laling'ono. Atachiphwasula ndi mpeni, anali majumbo okhaokha opiringizana ndi zingwe za masaka, ndi chidutswa cha thewera. Udzu munalibe n'komwe, malo ake akanapezeka kuti?

Pabwalo panangoti zii. Ndinamva miyala ikugwa pansi umodzi umodzi. Mwini mbuzi uja anagwira kumutu, misozi ili chuchuchu. Anapita yekha pakhomo pa azakhali ake, n'kugwada, n'kunena kuti, "Azakhali, tsegulani, ndakulakwirani." Agogowo anatenga nthawi kuti atsegule. Atatuluka sananene zambiri. Anangoti, "Mwanawanga, ine ndinakulera, ndingaphe mbuzi zako kuti ndipindule chiyani?" Wina anene Amen pamenepo, chifukwa tsiku limenelo Mulungu anapulumutsa moyo wa munthu.

Ndifotokoze pang'ono kwa inu amene simuweta. Chilimwe, anthu akakolola, ziweto zimamasulidwa kuti zizidzifunira zokha chakudya, ndipo msipu umakhala utauma. Jumbo imene munali chipisi, mchere kapena mafuta imanunkhira chakudya, ndiye mbuzi kapena ng'ombe imangomeza. Pulasitiki sagayika m'mimba. Amangounjikana, lero imodzi, mawa ina, mpaka chifu kudzaza. Chiweto chimamva ngati chakhuta pamene chikufa ndi njala. Alangizi a ziweto amazidziwa bwino zimenezi. Ndipo si za m'mudzi umodzi wokha. Mayi wina wa ku Malawi konkuno, Gloria Majiga-Kamoto, anayamba kulimbana ndi mapulasitiki opyapyala ataona mbuzi za alimi zikufa mwa njira yomweyi, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya dziko lonse ya Goldman chifukwa cha ntchito imeneyo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, nkhani inapita kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Koma lamulo lili papepala silingatole jumbo imene yakodwa pachitsamba. Pamafunika dzanja la munthu.

Ndipo nkhani si ya mbuzi zokha. Msewu uja ndanena kuti umatsetserekera kudambo. Kudamboko ndi kumene kuli zitsime zimene amayi amatunga mjigo ukawonongeka, ndi kumenenso kuli madimba a tomato ndi mpiru umene umabwera m'misika yathu ya m'tauni. Mvula yoyamba ikagwa, zonse za m'matewera muja zimakokolokera komweko. Kodi tayiwala kale kolera? Inayamba mu March 2022 ku Machinga, n'kufalikira dziko lonse, ndipo inatenga anthu opitirira 1,700. Mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliri womwewo. Ambiri a ife tinaika maliro mothamanga, popanda ngakhale kuona nkhope. Kolera imayenda m'madzi ndi m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Tinasala kudya, tinapemphera, ndipo Mulungu anatichitira chifundo. Nanga tsopano tiziyang'anira matewera akutsikira kuchitsime, ife tili m'kachisi kuimba?

Madzulo a tsiku lomwelo tinagwirizana ndi a mfumu kuti msewuwo tiukonze tokha, popanda wolipidwa. Lamulungu ndinalengeza kumpingo. Loweruka lake tinanyamuka mamawa, amayi a chigwirizano, achinyamata, madikoni, ndipo kumudziko tinapeza anthu akutidikira, a mipingo ina, Asilamu, ngakhale ena amene sapemphera n'komwe. Mutu umodzi susenza denga.

Ndikuuzeni mmene tinagwirira, kuti amene mukufuna kuchita zomwezi kwanu mutengerepo. Poyamba tinauza alangizi a zaumoyo a m'deralo, ndipo anabwera kudzatilangiza. Aliyense wogwira zinyalala anavala magolovesi ndi nsapato zotseka, pakamwa ndi pamphuno atamanga kansalu. Ana sitinawalole kutola, ntchito yawo inali kutunga madzi osamba m'manja basi. Tinali ndi makasu, mafosholo, mareki, mawilibala ndi masaka akale. Zowola, monga makoko, masamba ndi zotsala za chakudya, tinazikwirira m'dzenje kuti zisanduke manyowa. Zitsulo ndi mabotolo abwinobwino tinaziika padera, chifukwa pali anthu amene amagula. Majakisoni ndi malezala tinkatola ndi mapanda a mtengo, osati ndi manja, n'kuponya m'chigubu cholimba chotseka, ndipo a zaumoyo anachitenga kuti chikawotchedwe malo oyenera. Matewera tinawakwirira m'dzenje lakuya kumtunda, kutali ndi zitsime. Majumbo tinawalongedza m'masaka. Ena ankati tingoyatsa moto zithe msanga, koma a zaumoyo anakana, ndipo ankanena zoona. Utsi wa pulasitiki ndi poizoni, umalowa m'chifuwa, makamaka cha ana ndi anthu odwala mphumu. Pomaliza aliyense anasamba m'manja ndi sopo tisanagwire chakudya.

Fungo lake musafunse. Mlongo wina anasanza kawiri, koma anakana kubwerera kunyumba. Dzuwa lili paliwombo tinaona agogo aja akubwera pang'onopang'ono, ndowa ya thobwa ili pamutu pa mdzukulu wawo. Anyamata omwe aja anagwira miyala anamwa thobwa la agogowo, maso ali pansi.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene pali uthenga wanga. Zinyalala zimalankhula. Pofukula milu ija tinapeza malisiti a m'masitolo akuluakulu a m'tauni, mabokosi a zakudya zogula zophikaphika, makadi oitanira anthu ku ukwati woyera. Tinapeza maenvelopu a chakhumi. Tinapeza timabotolo ta mafuta odzozera, ndi mapepala a nyimbo za kwaya. Dzina la mpingo sinditchula, ndipo sunali mpingo umodzi. Dikoni wina ananyamula envelopu ija m'mwamba, n'kunena kuti, "Abusa, mfiti ija ndi imeneyi, ndipo imapereka chakhumi." Tinaseka, koma kuseka kwake kowawa. Zinyalala zimene zinapha mbuzi za m'mphawi, zimene zinatsala pang'ono kuphetsa agogo, zinachokera m'nyumba za anthu opemphera, zamipanda, zapakhomo posesedwa bwino.

Tinagwira Loweruka zitatu, msewu unayera. Koma sabata isanathe, m'mawa wina anapezanso mulu watsopano pafupi ndi kamlatho. Achinyamata anagwa ulesi, ena anati, "Abusa, tikungotaya nthawi, uku n'kutunga madzi ndi dengu." A mfumu anakonza kuti abambo a chitetezo cha m'mudzi azilondera mosinthana. Usiku wachinayi anagwira kalole kakang'ono kakukhuthula, magetsi atazimitsa. Anyamata ena anafuna kumenya dalaivala ndi kutentha galimoto. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha a mfumu ndi akulu a mpingo amene anaima pakati. Tingapulumutse agogo kumiyala, n'kukaponyanso miyala yomweyo kwa munthu wina?

M'mawa mwake ndinapita, ndipo ndinakhala naye pansi bamboyo. Ndi munthu ngati ine ndi inu, ali ndi banja. Anati, "Abusa, ine ndimatolera zinyalala m'makomo, amandipatsa kandalama kochepa pamwezi, ndipo ena amachita kunenerera mpaka kutsitsa. Malo ovomerezeka ndi ku Mtaya, ku Area 38, koma kuchokera kumene ndimatolera n'kutali, mafuta ndi odula. Ndikapita kumeneko tsiku lililonse sinditsala ndi kanthu. Chiyambireni ntchito imeneyi palibe bwana ngakhale mmodzi amene anandifunsapo kuti ndimakataya kuti." Ndinamuuza mosabisa kuti zimene ankachita ndi tchimo ndiponso ndi mlandu, ndipo umphawi wake sumupatsa ufulu wothira matenda pachitsime cha amphawi anzake. Anavomera. Koma mawu ake omaliza aja anandikhala mumtima, ndipo ndi amene ndakubweretserani lero.

A mfumu anagamula kuti chindapusa chake chikhale kunyamula masaka onse a majumbo aja pagalimoto yake, kukataya kovomerezeka, ndiponso kupereka kambuzi kamodzi kwa m'bale uja. Ife tinasonkha pang'ono ya mafuta. Anachita zonse. Sindikunamizani kuti anatembenuka mtima n'kulowa mpingo wathu, ayi, sanalowe. Koma mwezi wotsatira anabwera yekha ndi galimoto, osaitanidwa, kudzatithandiza. Zotsalazo Mulungu ndi amene akudziwa.

Kwa inu amene mukuti iyi si ntchito ya mtumiki wa Mulungu, tsegulani Baibulo lanu. Pa Deuteronomo 23, kuyambira ndime 12 mpaka 14, Mulungu akulamula ankhondo a Israyeli kuti malo odzithandizira akhale kunja kwa msasa, ndipo aliyense aziyenda ndi chokumbira choti azikwiririra. Chifukwa chimene chaperekedwa pamenepo ndi chakuti Mulungu mwini wake amayendayenda mumsasamo. Taganizani, Mulungu wa moto wa pa Sinai akukamba za chimbudzi! Pitaninso pa Nehemiya 3. Pamene ankamanganso linga la Yerusalemu, banja lililonse linapatsidwa gawo lake. Ndime 14 ikutiuza kuti chipata cha kudzala, chimene zinyalala za mzinda zinkatulukira, anachikonza Malikiya, ndipo iyeyu sanali munthu wamba, anali wolamulira dera. Koma ndime 5 ikutiuza za akuluakulu a ku Tekowa amene anakana kugwira nawo ntchito. Onse awiri analembedwa, ndipo tikuwawerenga mpaka lero, wina ndi ulemu wake, ena ndi manyazi awo. Lingalo linatha m'masiku 52 chifukwa panapezeka anthu osanyansidwa ndi gawo lonunkha.

Timakonda kunena kuti tizikonda anzathu monga tidzikondera tokha. Mnzako si wa mpanda woyandikana nawe yekha. Mnzako ndi mayi uja amene amatunga madzi kumunsi kwa kumene thumba lako la zinyalala linakathera. Sunamuonepo, dzina lake sulidziwa, koma thewera la mwana wako linafika pachitsime chake. Udindo wako pa zinyalala zako suthera pageti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, chifukwa tomato wa kudimba lija abweranso pambale yako.

Ndiye pempho langa nali, okondedwa.

Choyamba, sabata ino mufunseni amene amakutolerani zinyalala kuti amakataya kuti. Mufunseni mwaulemu koma motsimikiza. Ngati ndalama imene mumamupatsa singamufikitse kovomerezeka, onjezerani. Ndalama imene mukupulumutsa ponenerera, wina akuilipira ndi mbuzi yake kapena ndi mwana wake.

Chachiwiri, chepetsani zimene zimatuluka pakhomo panu. Makoko, masamba ndi zotsala za nsima kumbirani kadzenje kuseri, pakapita miyezi mupeza manyowa a padimba. Popita kumsika tengani dengu kapena chikwama chansalu monga ankachitira amayi athu. Wogulitsa akafuna kukuikirani tomato mu jumbo, anyezi mu jumbo ina, muuzeni kuti zikomo, ndili ndi potengera.

Chachitatu, amayi ndi abambo a ana aang'ono, thewera lotha ntchito lisapite mumsewu, mumtsinje kapena m'ngalande. Ngalande ikatsekeka madzi amaima, udzudzu umaswana, ndipo mvula ikakula madziwo amalowa m'nyumba.

Chachinayi, chiweto chikafa mosadziwika bwino, kapena munthu akadwala, thamangirani kwa alangizi ndi kuchipatala musanaloze chala agogo. Atumiki anzanga, ili ndi lathu. Mawu amodzi otuluka pakamwa pathu akhoza kuphetsa munthu wosalakwa.

Chachisanu, bwerani tigwire ntchito. Mu November 2020 a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, anakhazikitsa ku Chinsapo tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Nthawi zambiri masiku oterewa timasesa m'misika ndi m'misewu ya tala imene anthu amaiona. Misewu ya kutchire, kumene zinyalala za m'tauni zimakabisidwa, imaiwalika. Ife tasankha Loweruka lotsatira Lachisanu limenelo, kuti apantchito nawonso apezeke. Timakumana pakachisi 6 koloko m'mawa, timapemphera, n'kunyamuka. Bwerani ndi khasu, fosholo kapena reki, ndi madzi akumwa. Palibe alawansi, ndinene poyera kuti wina asadzakhumudwe. Inu amene muli kutali ndipo mwakhudzidwa, chosowa chathu chachikulu ndi magolovesi, magambutsi ndi masaka. Thandizo lidutse kwa msungichuma wa mpingo, osati pafoni yanga, ndipo chilichonse chidzawerengedwa pamaso pa mpingo. Koma koposa apo, yang'anani msewu woiwalika wa kwanuko, mupite kwa a mfumu kapena kwa khansala, muyambe. Simukufunika kukhala gulu, anthu khumi ndi wilibala imodzi akwana.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, dziko ili ndi lanu, ife munangotisungitsa. Tikuthokozeni chifukwa cha moyo wa agogo aja umene munaupulumutsa. Bwezerani m'bale wathu zimene anataya, khola lake lidzadzenso. Tetezani ana amene amayenda m'misewu ya kumidzi, tetezani zitsime zawo, mliri usabwererenso pakati pathu. Kumbukirani abale amene amapeza chakudya potola zinyalala za ena, apatseni mabwana achilungamo ndi mtima woopa Inu. Dalitsani dzanja lililonse limene linagwira fosholo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ngati mwawerenga mpaka pano, lembani Amen, ndipo mutumizireko mnzanu mmodzi wa m'tauni. Mukamufunsa wotolera zinyalala uja, mudzandiuze zimene wakuyankhani. Ambuye akudalitseni nonse, tionana Lamulungu.